Miyala ya alamu anga

Ndinatsimikiza mtima zochoka kwathu ku Chadiza tsiku limene ndinapita kukagulitsa mtedza. Mtedzawo ndinalima ndekha, ndipo posankha anandithandiza mlongo wanga Nasitaziya mpaka zala zathu zinachita dzanzi. Wogula anapisa dzanja m'thumba, anatafuna njere imodzi, n'kunena kuti ndi wa giredi yotsika. Nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe. Pobwerera ndinakumana ndi anyamata awiri amsinkhu wanga amene anabwera ku tchuthi kuchokera ku migodi ya ku Kitwe. Anali atavala nsapato zosongoka, wina atanyamula wailesi paphewa. Ine ndinali ndi thumba lopanda kanthu m'khwapa, mapazi ali ming'alu yokhayokha.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi kuti ndikupita. Sanandiletse. Anangoti, "Damiano, pita. Koma udziwe kuti mbumba ino ilibe mwamuna wina."

Nthawi imeneyo mbendera ya dziko inali itangosintha kumene, atsamunda atachoka, ndipo mkuwa unali pa mtengo. Aliyense ku Kitwe ankayenda ngati dzikoli alipereka m'manja mwa iyeyo. Mabasi odzaza, masitolo odzaza, anthu akugula mipando ndi masuti. Maudindo amene kale anali a azungu anayamba kugwera anzathu, koma aja anapita kusukulu. Ine wa sukulu ya pansi pa mtengo ntchito yanga inali yolayisha miyala pansi pa mgodi. Unkalowa m'chikepe chotsikira pansi sikisi koloko, ukamatuluka malovu ali bii. Chibemba ndinachiphunzira ndi manyazi. Anzanga ankandiseka kuti ndine wodya mbewa, ine n'kumawabwezera kuti iwo amadya anyani, tonse n'kufa nako kuseka. Koma kuseka kukatha aliyense ankapita kwa mkazi wake, ine n'kubwerera ku kachipinda kamene tinkagonamo amuna okhaokha. Tsiku lowawa linali Lamulungu. Kutchalitchi nyimbo zambiri zinali zomwe zija za kwathu, koma mawu ake a Chibemba, ndiye ndinkangoimba chamumtima m'chilankhulo changa. Misa ikatha ndinalibe kolowera. Ndinkachapanso malaya ochapa kale kuti dzuwa lipendeke.

Mauthenga a kumudzi ankabwera ndi aZulu, dalaivala wa lole amene ankadutsa kwathu. Akatsika ankandipatsa moni, kenaka n'kuyamba kutchula: bulangete la amayi, fizi ya mwana wa Nasitaziya, mankhwala a m'maso, chitenje. Sindikumbuka tsiku limene anandiuza kuti wina wafunsa ngati ndikudya. Za ndalamazo sindidandaula, ndinapitira zomwezo. Ndipo chinthu chimodzi ndinachita chondinyaditsa: ndinadzimana mpaka ndinatumiza yogulira ng'ombe ziwiri zapagoli ndi pulawo. Nasitaziya anali atakwatiwa ndi aMbewe, amene anadzamanga pakwathu monga mwa mwambo, ndipo ng'ombezo ankaziyang'anira ndi iwowo. Uthenga unabwera wakuti munda wakula mpaka kukafika kumtsinje. Tsiku limenelo ndinadzigulira mowa wa m'botolo, n'kumwa ndekha pakhonde.

Kenaka chifuwa chinandigwira. Adokotala anandijambula, anakweza chithunzicho pawindo, n'kuti mapapo anga adya fumbi, pansi sindingalowenso. Anandipatsa ndalama yotsanzikira. Zobwerera kumudzi sindinaziganizire n'komwe. Munthu amene wagula ng'ombe sabwera kwawo ndi chifuwa chokha. Ndinapeza ntchito ya m'dimba ku Nkana East, kuthirira maluwa osadyedwa a mzungu wina. Mzunguyo pobwerera kwawo anandisiyira galu ndi nsapato zondikulira. Ndinasamukira ku Ndola, ku Chipulukusu, kumene munthu unkadzuka osadziwa ngati lero ukanyamula matumba kapena ukaumba njerwa. Uthenga wa maliro a amayi unandipeza komweko iwo ataikidwa kale, chifukwa aZulu anayamba akandifuna ku Kitwe. Ndinalira ndekha, eninyumba akumenya khoma kuti ndichepetse phokoso.

Ku Chipulukusu komweko ndi kumene ndinakumana ndi Musa. Anali mmodzi wa amalonda ochokera kutali kumadzulo kwa Afirika, aja a mikanjo italiitali amene anthu ankawatcha Masenesene. Ankagula emarodi, miyala yobiriwira imene anthu anali atayamba kukumba mobisa m'tchire la ku Kafubu. Ankafuna munthu wodziwa Chibemba ndi Chinyanja woti azimunyamulira chikwama ndi kumumasulira. Kumaenjeko kunali koopsa. Anthu ankalowa m'mauna ngati mbewa, opanda chochirikiza dothi, akatuluka thupi lonse likunyezimira ndi fumbi lakuda. Poyamba ndinkangoima kumbuyo kwa Musa. Ataona kuti ndimayang'anitsitsa, anayamba kundiponyera miyala m'manja. "Uwu bwanji?" Ndikalakwa ankandigogoda pachala ndi kagalasi kake kokuzira zinthu.

Zimene anandiphunzitsa ndikuzikumbukabe, ngakhale lero maso ayamba kuchita nkhungu. Mwala suuonera panyale kapena padzuwa la masana. Umauonera m'mawa, pamthunzi, pansalu yoyera. Suuona uli wonyowa, chifukwa madzi amabisa ming'alu, ndipo n'chifukwa chake okumba ankabwera nayo ataiviika kapena ataipaka mafuta. Umayamba waupukuta n'kudikira kuti uume, wogulitsa akuvinavina pambali. Choyamba ndi mtundu: kubiriwira kozama koma kwamoyo, osati kolowera ku chikasu, osatinso kwakuda koti kuwala kukanike kudutsa. Kenaka umasuzumira m'kati. Mwala weniweni susowa chilema, umakhala ndi timizere take ndi tindere. Koma mng'alu wodutsa pakati ndi imfa, chifukwa wosema akangoukhudza umagawanika. "Kamwala kakang'ono koyera kamagula chimwala chong'aluka, chenje n'kutsalako," ankatero Musa.

Ndiye panali akathyali. Ankatenga tako la botolo lobiriwira, kulinola mbali zisanu ndi imodzi monga amakhalira emarodi, n'kumata kunja kwake tizidutswa ta mwala wakuda wonyezimira umene emarodi amabadwiramo. Wosadziwa angalumbire kuti wangochoka m'dzenje. Koma galasi limayera mopyola muyeso, ndipo m'kati mwake mumakhala timathovu tozungulira ta mpweya.

Patapita nthawi Musa anayamba kundituma ndekha kumaenje. Miyala ya mtengo wa galimoto inkadutsa m'manja mwanga, ine n'kumakagona m'nyumba yodontha. AZulu ndi amene anakafalitsa kumudzi kuti Damiano masiku ano amagwira miyala yogula galimoto. Sananame. Anangoiwala kunena kuti ndi ya eni.

Tsiku lina mkulu wina wokumba, miyendo itatupa ndi madzi a m'dzenje, anandionetsa kamwala konga nyemba. Ndinakapukuta. Kanali kobiriwira ngati msipu wophuka pa lupsa, koyera mpaka kuseri. Ndinatulutsa zonse zimene zinatsala pa ndalama yotsanzikira ya kumgodi, n'kukagula kuti kakhale kangakanga. Pobwerera ndinkangodzigwira m'thumba. Ndinkati zaka zanga zonse zakwana pamenepa: nyumba ya malata kumudzi, ngolo, mwina ndi mkazi yemwe.

Kugula sikunavute. Chinavuta ndi kugulitsa. M'masitolo a m'tauni sindikanalowa, chifukwa ndinalibe chilolezo, ndipo ukangotulutsa mwala ankakuitanira apolisi. Ogula a m'makomboni onse ankadziwana. Woyamba anakayang'ana, ndipo ndinaona ndithu m'maso mwake kuti kamulowa, koma anatchula mtengo wa mbuzi. Wachiwiri, ku Nkwazi, anatchula wotsikirapo, n'kunditchula dzina ndisanamuuze. Wachitatu sanakagwire n'komwe. Anangondiuza m'Chibemba kuti, "Kabiye kuli Musa," ndipite kwa Musa. Ndinapirira masabata angapo, koma njala ilibe ulemu, ndinapitadi. Musa anakatembenuza, anagwedeza mutu mokondwa ngati mphunzitsi, n'kundiyamikira kuti ndasankha bwino kwambiri. Kenaka anandipatsa yosafika n'komwe pa imene ndinagulira.

"Mtengo wake mukuudziwa," ndinatero.

"Ndikuudziwa. Iwenso ukuudziwa. Maso ndinakupatsa, Damiano, koma msika sindinakupatse."

Ntchito yanga kwa Musa inathera pomwepo. Pasanapite nthawi apolisi anayamba kusesa alendo ogula miyala, ndipo Musa anasowa ngati mame. Mtengo wa mkuwa nawo unayamba kutsika, ganyu n'kumavuta. Chifuwa chinakula. Ndinagulitsa bedi ndi mbaula, n'kukwera basi ya kum'mawa ndi sutikesi imodzi.

Ndinkayembekeza kulandiridwa monga alandirira mtchona wobwera chimanjamanja: moni wa pakamwa, maso ali pa sutikesi. Koma ayi. Nasitaziya anandithamangira akulira, alamu anga aMbewe anapha tambala, anthu anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Ngakhale akatekisiti anafika. Ndinapita kukaona manda a amayi, pobwera n'kupeza andiyalira mphasa yatsopano. Ndinadzidzudzula mumtima kuti ndinkawaganizira zoipa abale anga. Khola ndinaliona lili pululu, koma ndinati ng'ombe zili kubusa.

M'mawa mwake alamu anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndinapeza amuna ena atatu atakhala kale, mmodzi wa iwo akatekisiti aja. Alamu anatulutsa kachitini ka fodya, anamasula kansanza, n'kuyala miyala pamphasa. Inali ikuluikulu ngati chala chachikulu cha kumanja, yobiriwira mochititsa kaso.

"Alamu," anatero akumwetulira, "Mulungu wakubweretsani pa nthawi yake. Tatiuzani, apa pali malole angati?"

Anandifotokozera m'mene zinayendera. Kunabwera munthu wa suti pagalimoto, akuti akuthawa apolisi, akufuna kuwoloka malire, ndiye miyala yake ayenera kuitaya motchipa. Atamva dzina langa kwa anthu, anati amandidziwa bwino ku Ndola, ndipo ndikadzabwera ndine amene ndidzawapezere msika. Alamu anagulitsa ng'ombe zonse ziwiri ndi pulawo yomwe. Enawo anaponyapo wina mbuzi, wina njinga, akatekisiti makina osokera a akazi awo.

Ndinadziwa ndisanaigwire. Komabe ndinachita zonse mwadongosolo, kuti asadzati ndinapupuluma. Ndinapempha nsalu yoyera, ndinapukuta uliwonse, n'kuuyang'anitsa kumene kukuchokera kuwala. Timathovu tinali mbwee. Chakuda chakunjacho ndinachikanda ndi chikhadabo, chinachoka n'kusiya guluu. Pomaliza ndinaika umodziumodzi palilime, chifukwa mwala weniweni umakhalitsa uli wozizira pomwe galasi limafunda msanga. Yonse inafunda.

"Alamu, pepani. Ili ndi galasi. Ndi matako a mabotolo awa."

Kenaka mmodzi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachilamu.

"Taonaninso bwino," anatero alamu.

"Ndaona. Sendezani kuno muone nokha timathovu iti."

"Amenewo ndi maso a mwala. Mwini wake anatiuza."

"Ndipatseni umodzi ndiuphwanye, muone m'mene uswekere."

Alamu anakokera kansanza kaja kwa iwo. "Muphwanye chuma? Tinamva kale za inu anthu a miyala. Mumayamba mwanyoza katundu kuti mugule motchipa. Koma mpaka kwanu komwe, alamu?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ng'ombe zimene agulitsazo zinachokera m'mapapo mwanga, ndipo ngati pali munthu amene akanakonda kuti miyalayi ikhale yeniyeni, munthuyo ndine. Ndinakhosomola mpaka misozi kutuluka. Amuna aja anakulunga miyala yawo n'kubalalika, ndipo nyama ya tambala yotsala dzulo sindinaionenso.

Alamu anagulitsa mbuzi za Nasitaziya kuti apeze yokwerera basi, n'kupita ku Lusaka kukagulitsa okha. Mvula inagwa iwo kulibe. Munda uja unakula chifukwa cha ng'ombe tinaulowa ndi makasu, ine ndi mlongo wanga, ine ndikupumira pamzere uliwonse. Alamu anabwerako chimanga chitafika m'mawondo, atawonda, nsapato alibe, kachitini kali m'thumba. Munthu wa mudzi woyandikana amene anawaona kumeneko anati kulikonse ankawaseka, kwina mpaka kuwakankhira kunja. Ine ndinakonzeka kukhala chete. Ndinati munthu wagwa kale sindimupondanso. Tilima, mwina m'tsogolo muno tidzagulanso kang'ombe.

Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi n'kukhala pabenchi. Amene anali pamenepo anasuntha mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Potuluka mayi wina anakoka mwana wake kumuchotsa panjira yanga. Nditafika kunyumba ndinamupanikiza Nasitaziya, ndipo sanathe kundibisira. M'mudzi monse munali mutamveka kuti miyala ija inali yeniyeni mpaka tsiku limene ine ndinaigwira. Ena ankati ndinaisinthanitsa ndi changu cha manja cha kumatauni, yeniyeniyo ili mu sutikesi. Ambiri ankati ayi, ndinaisandutsa galasi ndi mankhwala a Masenesene, mphamvu yake n'kuikokera kwa ine. Mboni zinalipo, imodzi mwa izo munthu wa Mulungu, ndipo onse anandiona ndi maso awo ndikuinyambita umodziumodzi.

Ndinatulutsa sutikesi pabwalo n'kukhuthula zonse: malaya, lumo, korona, chithunzi cha mapapo. Anthu anati munthu wotere sangabise poonekera. Ndinapita kwa akatekisiti. Anandilankhula ali pakhomo, chitseko atachigwira, kuti nkhaniyi tiisiye m'manja mwa Mulungu. Alamu tikakumana ankangoyang'ana kumbali, osandinena, osanditeteza. Munthu wa suti uja palibenso ankamutchula. Iye anali atapita, ine ndinali pompo.

Tsiku lina tikupalira ndinaponya khasu pansi.

"Mlongo wanga, nawenso ukukhulupirira zimenezi?"

Anapitiriza kupalira mpaka kumapeto kwa mzere. Kenaka anaweramuka, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Alongo, ine ndinadziwa kuti ndi galasi tsiku lomwe munanena. Bambo a ana anga nawonso akudziwa. Onse aja akudziwa."

"Nanga bwanji tsono?"

"Mwamuna amene wagulitsa ng'ombe kugula botolo angayende bwanji m'mudzi muno? Angaime pamaliro n'kulankhula? Ana ake angawafunsire ndani? Koma wolodzedwa amayenda. Anthu amamumvera chisoni."

"Ndiye chitonzo chonsechi ndisenze ine?"

Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. "Inu mwakhala kwa eni zaka zonsezi, alongo. Munazolowera."

Ndinatola khasu langa, tinamaliza ndime, tinabwerera kumudzi wina patsogolo wina pambuyo. Ku Kitwe ndi ku Ndola ndinalidi mlendo, koma kumeneko ndinkagona ndikudziwa kuti kwathu kulipo.

Mvula itatha ndinamanga kanyumba kanga kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi msewu, ndipo ndi momwe ndikukhala mpaka lero. Alamu anakalamba ndi ulemu wawo, akulankhula pamaliro ndi pamaukwati. Nasitaziya amandibweretsera ndiwo, koma amadzera njira ya kuseri. M'zaka zapitazi kuno kum'mawa nakonso kwayamba kupezeka miyala, ndipo achinyamata akukumba m'mapiri. Akapeza kanthu amabwera kwa ine mozemba, ena mwa iwo adzukulu a amuna omwe aja, chifukwa palibenso wina wodziwa. Amandipatsa moni waulemu, amamasula kansanza, n'kundipempha kuti ndiwaonere ngati ndi weniweni. Koma ndikatambasula dzanja amabwerera m'mbuyo. Mwalawo amaugwira okha, ine ndiziuyang'ana uli m'manja mwawo.